Za axolotl wanga uja ankakana kudya

Masabata atatu apitawo ndinafunsa za axolotl, kasalamanda (kanyama kooneka ngati buluzi) ka m'madzi kamene mnzanga wakuntchito anandisiyira kuno ku Leeds. Kankakana chakudya, ndipo timanthenga take topumira ta m'mbali mwa mutu tinali titapindikira kutsogolo. Ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera.

Inu amene munati ndiyeze kutentha kwa madzi munalasa. Thanki ndinali nditaiika pafupi ndi radiator, chipangizo chofunditsira m'nyumba, madzi n'kufika madigiri 23. Kanyamaka kwawo ndi kunyanja ya Xochimilco ku Mexico City, ndipo kamafuna madzi ozizira, madigiri 16 mpaka 18. Ine wokulira kuchigwa cha Shire ndinkaona ngati kukafunditsa ndiye kukakonda! Ndinasunthira thankiyo pakona pomwe sipafika dzuwa, n'kuikamo kamphika kadothi koti kazibisalamo.

Timiyala tapansi ndinachotsa tonse, chifukwa kamadya mochita kukoka madzi ndi chakudya pamodzi, ndiye mwala ungathe kutseka m'mimba. Fyuluta yosefera madzi nayo ndinaichepetsa mphamvu.

Tsiku lachinayi ndinapana nyongolotsi ndi kachitsulo n'kumaigwedeza pamphuno pake. Kanangoti duu, kukhala ngati sikakuona. Mwadzidzidzi khapu! Yonse yalowa, kungotsala kansonga kakugwedera pakamwa. Panopa kakudya kamodzi pa masiku awiri, ndipo timanthenga tija tawongoka.

Chimene chikundisautsabe ndi amoniya, poizoni amene amachuluka m'madzi kuchokera ku ndowe za kanyamaka. Thankiyo ndi yatsopano, mabakiteriya a mu fyuluta amene amachotsa amoniyayo sanachuluke, choncho tsiku lililonse ndikumachotsako madzi pang'ono n'kuthiramo ena amene ndawachotsa kulorini. Msana ndiye wayamba kudandaula ndi zidebezi.