Ndikufuna kumanga pisitolo yoyenda nayo tsiku ndi tsiku

Kambuzi92: Akuluakulu ndigawireni nzeru. Ndili ku Texas, ndikufuna ndigule frame (gawo la m'munsi lokhala ndi chogwirira) ya pisitolo ya Glock 19 kenako slide (gawo la pamwamba limene limabwerera m'mbuyo powomba), barrel (mpope wodutsamo chipolopolo) ndi trigger (kokoka ndi chala powomba) ndisankhe ndekha. Ndiyambire pati?

Mjomba_T: Frame ija ndi imene malamulo a ku America amaitenga ngati mfuti yeniyeniyo, ndiye mukaoda siifika pakhomo ayi, imadzera kwa dila wa laisensi, mulemba fomu 4473 yogulira mfuti, akucheckani kaye mbiri yanu. Komanso samalani, slide ya Gen 5 (m'badwo wachisanu wa ma Glock) siigwirizana ndi frame ya Gen 3 (m'badwo wachitatu).

Nabanda: Trigger yokha musaigwire achimwene. Ine ndinaikapo yopepuka ya kampani ina, ku range (malo oyeserera kuwomba) imakoma ngati chani koma nditawomba zipolopolo zingapo inayamba kukakamira osabwerera, ndinachita manyazi anthu akundiyang'ana, ndinangobwezeretsa ya fakitale basi. Mfuti yonyamula imafunika izilira nthawi zonse.

Mjomba_T: Zoona mayi. Ndalamazo bola mugulire ma sight (zolunjikira powomba) owala usiku ndi holster (chikwama cha mfuti) yolimba yophimba trigger yonse, zotsalazo zipolopolo zoyesera.

Kambuzi92: Iii mwandibweza, trigger ndinali nditaika kale mu cart.