Mtunda wa pandege kuchokera ku Lilongwe kukafika ku London

Nambewe: Abale, ndege imauluka makilomita angati kuchokera ku Lilongwe kukafika ku London? Nanga njira yachidule ndi iti?

Achisale: Mukayeza molunjika ndi makilomita pafupifupi 8,000, koma palibe ndege yopita mwachindunji. Kudzera ku Addis Ababa ndi pafupifupi 8,500. Kudzera ku Johannesburg kumapitirira 10,000, chifukwa mumayamba mwalowera kummwera, kenako n'kuuluka maola 11 kubwerera kumpoto.

Nangozo: Mayi, musangoyang'ana makilomita okha. Chimatalikitsa ulendo ndi kudikira ndege yachiwiri. Gulani tikiti imodzi ya ulendo wonse kuti katundu akapezeke ku bwalo la ndege la Heathrow ku London. Mukagula matikiti awiri, ndege yoyamba ikachedwa, yachiwiri ikusiyani ndipo mudzalipiranso nokha.

Achisale: Zoonadi. Pakati pa ndege ziwirizo pakhale maola osachepera atatu.