Ndisinthe dzina la lesitilanti kapena ndilisiye?

A admin ndibiseni dzina. Abale, ndithandizeni maganizo.

Ndili ndi kalesitilanti kuno ku Mangochi boma, chakufupi ndi mlatho wa pa Shire. Timaphika nsima ya chambo ndi kampango, Loweruka mpunga wa nkhuku. Ndinakatcha Victoria, dzina la malemu mayi anga, chifukwa mpamba woyambira unachokera pa mbuzi zawo. Iwo dzinalo anawapatsa agogo potengera chipilala cha wotchi chili m'tauni muno, chimene azungu anamanga mu 1903 pokumbukira mfumukazi yawo Victoria, yomwe inamwalira mu 1901.

Mphwanga anandiikira malowa pa Facebook ndi pa Google Maps, ndiye pomwe payambira mavuto. Mlendo akalemba Victoria, foni imamuponya ku Victoria Falls, mwina ku nyanja ija ya ku Uganda ndi Tanzania, mwinanso ku likulu la Seychelles. Ife tili kunsi kwenikweni, wofufuza amatopa asanatipeze. Sabata yatha dalaivala wina wochokera ku Blantyre, atanyamula alendo opita ku Cape Maclear, anandiimbira kuti ndikazinge chambo 14. Atadutsa pa Liwonde anafuna kuona njira, foni n'kumuonetsa Victoria Avenue, kumene wachokera kuja! Yanga inali itazima, magetsi kulibe. Anakadyera kwina. Nsombazo zinangoti mbwee m'beseni, tinadya ndi ana mpaka kunyong'onyeka nazo.

Bambo a kunyumba akuti ndifufute chikwangwani ndilembe dzina lina. Ine mtima ukukana, zikukhala ngati ndikuwaikanso m'manda mayi. Nditani?

Mayankho

— Achemwali musafufute. Pa intanetipo lembani Victoria Chambo Mangochi, ndipo amene waoda muzimutumiziratu lokeshoni pa WhatsApp. Mugulenso power bank, chambo 14 si chamasewera.

— Mayina amasintha mayi. Boma lanulo linali Fort Johnston kuyambira 1891, lero ndani amalitchula? Ku Zimbabwe Fort Victoria inasanduka Masvingo mu 1982, ku Cameroon tauni ya Victoria inakhala Limbe chaka chomwecho. Koma inu musayerekeze kutcha Limbe, alendo anu akathera pa depoti.

— Ngakhale mathithi aja eni ake amati Mosi-oa-Tunya, la Victoria anangopereka David Livingstone mu 1855. Ndifunse: kumudzi mayi anu ankawaitana kuti Victoria? Ine ndikukayika. Lembani dzina lomwe ankayankha akaitanidwa pamtondo.

— Mwini funso: Zikomo nonse. Zoona, la Victoria linali la kutchalitchi ndi pa chitupa, kumudzi anali Anaphiri. Koma ndangowerenga kumene, kuyambira kumsika kufika kudepoti zikwangwani za Anaphiri zilipo kale zitatu. Ndiyamba ndayesa zowonjezera Mangochi zija, penti ndisanagule.