Anzanga akuntchito akuti tikatsetsereke pa sinoo wa mu mall, ndipite kapena ndikane?

Membala wobisa dzina:
Asalamu alaikum abale nonse a gulu lino. Adimini chonde mundibisire dzina, achemwali anga alimo muno ndipo nkhaniyi ikangofika kwa mayi foni yanga siipuma usiku wonse. Ine kwathu ndi kwa Mpondasi koma pano ndili ku Dubai, ntchito yanga ndi yonyamula ndi kulongedza katundu mu shopu ina yaikulu. Anzanga akuntchito, ambiri ndi a ku Philippines ndi ku Nepal, apangana zoti tsiku lathu lopuma tipite ku Ski Dubai, malo aja ali mkati mwa Mall of the Emirates omwe anamangamo phiri la sinoo anthu nkumatsetsereka atamangirira timatabwa titalititali kumapazi. Ndinakasuzumirako pa galasi, panja dzuwa likuswa mtengo madigiri kupitirira 40 koma mkatimo anthu avala majekete ochindikala mpweya ukutuluka mkamwa ngati utsi, tiana tating'onoting'ono tikutsika phirilo osagwa olo kamodzi, mtima wanga unangoti inenso ndikufuna.

Chikundibweza m'mbuyo ndi ichi, ndili mwana ndinkavutika ndi mphumu, pano inasiya kalekale koma inhela ndimayendabe nayo mchikwama. Komanso ntchito yangayi ndi ya miyendo ndi msana, nditathyoka bondo ndiye kuti kunyumba ndalama yaima, ndipo amene ndikuwalipirira fizi alipo. Amene munayesapo zimenezi mundiuze chilungamo, munthu woti sinoo sanamupondepo chibadwire angathe? Ndivale chani? Nanga kuzizira kwake kungadzutse chifuwa chija? Zonyoza ayi chonde.

Mphunzitsi wa ku Namwera:
Kkkkk mwana wa kwa Mpondasi, woti kukangowomba kamphepo ka mwera mu Juni mumayamba kufunsa bulangete lachiwiri, lero mukufuna kulipira ndalama kuti muzizidwe? Bwerani kuno ku Namwera tikupatseni kwaulere.

Dalaivala ku Sharjah:
Walaikum salamu achimwene. Ine ndinapitako, mverani. Choyamba musaganize kuti mukangogula tikiti akulolani kukwera pamwamba paja, ayi, pa phiri lalikululo amafuna munthu woti amadziwa kale kuima, kukhota komanso kukwera yekha lifiti yopita pamwamba pa phirilo. Woyamba kumene ngati inu amalowa kalasi, mphunzitsi amakutengerani pansi pamalo potsetsereka pang'ono ndipo nthawi yambiri imathera pa kuphunzira kuyenda ndi nsapato zakezo, nzolimba zolemera zimagwira mwendo mpaka pa katumba moti chidendene sichipindika, masitepe umatsika chammbali. Kenako amakuphunzitsani kuima, mumasonkhanitsa nsonga za ma ski, timatabwa tija, kutsogolo kumbuyo nkutangadza, iwo amati pizza. Mukaidziwa pizza imeneyo mantha amachepa kwambiri.

Jekete, thalauzi, nsapato ndi ma ski amabwereketsa komweko. Inu mutenge magolovesi anuanu osalowa madzi ndi kachipewa kofunda makutu, mkati muvale thalauzi yopepuka ndi juzi, jinzi yothina ayi ikanyowa muzunzika. Sokosi imodzi yaitali basi, osaphatikiza ziwiri zimapanga makwinya mu nsapato nkumakusupulani. Chipewa cholimba chija valani olo wina akuuzeni kuti ncha ana.

Wa ku Monkey Bay:
Pepani ndifunse nawo, sinooyo amachita kubwera naye pa ndege kapena? Nanga sasungunuka ndi kutentha kwa kumeneko?

Dalaivala ku Sharjah:
Amapanga konko ndi madzi achemwali, makina amawaza madzi mu mpweya wozizira kwambiri timadontho nkuuma tisanafike pansi. Nyumba yonseyo ndi firiji imodzi yaikulu, mkati mumakhala cha m'ma ziro kapena kutsikirapo pang'ono. Anatsegula 2005, phirilo ndi lotalika mamita 85 ndipo njira yaitali kwambiri yotsikira ndi mamita 400. Muli ndi ma penguin omwe, mbalame za kumalo ozizira.

Ankolo a ku Malindi:
Mwanawe, kunja unapitira kukasewera? Mvula ili pafupi, feteleza wakwera, ndalama yokagwera pa ayezi ola limodzi bwenzi utatumiza mayi ako agulire malata olo awiri. Ife tinakhalako ku Joni, zamasewera zinadya anzathu ambiri anabwera ndi chikwama chokha.

Mayi wa geni pa msika wa boma:
Ankolo ndi ulemu wonse, mwanayu wanena yekha kuti akulipira fizi, ndiye kuti kutumiza akutumiza. Munthu azingonyamula makatoni chaka chonse kuchoka ku ntchito kupita ku bedi osaonako kanthu? Anthu amadwala maganizo kunjako chifukwa cha zomwezi. Msiyeni akaone, bola asakongole ndalama yake.

Namwino, Mangochi:
Za mphumuzo musazitenge mopepuka achimwene. Mpweya wozizira komanso wouma umapangitsa timinjira ta m'mapapo kufinyika, makamaka munthu akamapuma mwabefu chifukwa cholimbitsa thupi, ndipo zimatha kubwera ngakhale kwa munthu amene wakhala zaka osadwala. Yang'anani deti pa inhela yanuyo ngati sinathe mphamvu, muiike m'thumba la mkati mwa jekete osati mu loka, mphuno ndi pakamwa mufunde ndi kansalu kuti mpweya uzilowa utafundako. Ngati mungathe onanani ndi dokotala kaye, ena amauzidwa kupopera asanayambe. Mphunzitsiyo mumuuze musanalowe. Mukamva chifuwa chikuthina kapena kulira tulukani pompo, musamati ndalama yanga ipita pachabe.

Wa ku Makanjira ali ku England:
Kunonso malo otere alipo, ndinapita ndi a ku tchalitchi. Zimene ndinaona ine, amene amavulala si amantha, ndi aja ofuna kuonetsa anzawo. Mnzathu wina anagwa atagwirabe ndodo yotsetserekera chala chachikulu chinapindikira kumbuyo, anakhala masabata angapo osatha kugwira ngakhale supuni bwinobwino. Mukamagwa gwerani chammbali, musalimbane nazo kuti ndidzuke ma ski akuyendabe, bondo limapotokera pamenepo. Ndipo anzanuwo akakuuzani kuti tenga snowboard, thabwa limodzi lopondapo mapazi onse awiri, ndi yosavuta mukane, oyamba kumene pa chimenecho amagwera manja pafupipafupi, inu manjawo ndi amene mumadyera.

Kalaliki ku Abu Dhabi:
Palibe wanena za inshuwalansi. Khadi ya chipatala imene bwana anakupatsaniyo, funsani ku ofesi kwanu ngati imalipira munthu akavulala pa masewera ngati amenewa, ma inshuwalansi ena zoterezi amazichotsamo. Funsaninso kuti mukavulala tsiku lopuma malipiro amayenda bwanji. Akuyankheni pa meseji, zapakamwa mawa amakana.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Ankolo ndamva, ya mwezi uno ndatumiza kale ndipo iyi ndi ya ovataimu. Za inshuwalansi sindinaziganize nkomwe, mawa ndikafunsa, akandiuza kuti salipira ndingolowa mbali ya pansi yongosewerera pa sinoo ndione ma penguin basi. Inhela ndayang'ana yatsala miyezi yochepa, ndigula ina. A Sharjah, kalasi yoyambayo ndikalembetse pa intaneti kapena ndikangofika? Ndipo tsiku labwino ndi liti, ife timapuma pakati pa sabata.

Dalaivala ku Sharjah:
Pakati pa sabata mpamene pali bho, Loweruka ndi Lamlungu kumadzadza ana. Lembetsanitu pa intaneti ndipo mufike msanga, kuyesa nsapato kokha kumadya nthawi. Kwerani Metro ya Red Line mutsike pa siteshoni ya Mall of the Emirates, pali njira yolowera mu mall momwemo. Magolovesi mugule kunja m'mashopu wamba musanapite.