4x4 yanga ikumwa dizilo ngati madzi pokwera ku Nyika

Dalaivala wa ku Rumphi:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi 4x4 yakale ya dizilo, injini ya malita 4.2, yopanda turbo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini). Pamsewu wa tala lita imodzi imandiyendetsa makilomita 8. Koma sabata yatha ndikukwera ku Nyika, alendo anayi, katundu padenga, yatsika mpaka 5. Utsi wakuda tolotolo, mphamvu palibe. Kodi injini yatha?

Makaniko wa ku Mzuzu:
Ayi bambo, musathamangire kuphwasula injini. Ku Nyika n'kumtunda, mamita opitirira 2,000, mpweya umapepuka, ndiye injini yopanda turbo imabanika. Utsiwo ndi dizilo wosapsa bwino. Yambani mwatsegula air filter, sefa ya mpweya wolowa mu injini ija, fumbi la msewu umene uja silichedwa kuitseka.

Mlimi wa ku Bolero:
Nanga mutabwerera pa tala, ma hub akutsogolo, aja mumaika pa lock kuti matayala akutsogolo nawonso azikoka, munawamasula achimwene? Ine ndinafika mpaka ku Mzuzu ali pa lock, ndikungodabwa geji ya mafuta ikugwa. Matayala a m'matope nawonso ndi adyera, makamaka mpweya ukachepa m'matayalamo.

Dalaivala wa ku Rumphi:
Filter ndaigogoda pamwala, fumbi lotuluka lokwana kapu. Za ma hub musandifunsenso, ndawapeza ali pa lock.