Ma permit a Inca Trail atha, tipite Salkantay?

Moni nonse abale, ndithandizeni maganizo ndagwira njakata. Ine ndi mayi akunyumba tinagula kale matikiti a ndege opita ku Cusco, Peru mwezi wa June, cholinga tikayende Inca Trail, njira yakale ya anthu a mtundu wa Inca yodutsa m'mapiri, ya masiku 4 yogona m'matenti mpaka kukatulukira ku Machu Picchu, mabwinja a mzinda wakale wa a Inca, kudzera pa chipata chotchedwa Inti Punku m'mamawa. Vuto ma permit atha. Boma limangolola anthu 500 patsiku kuphatikiza ma gaidi ndi onyamula katundu omwe, ndipo sungalowe wekha popanda kampani yovomerezeka.

Ndalembera makampani angapo yankho ndi limodzimodzi. Ndinafunsa ngati wina atalephera tingalowe m'malo mwake, akuti ayi permit imakhala ndi dzina komanso nambala ya pasipoti, siisinthika. Kusintha deti ya ndege nako mtengo wake ndi woboola m'thumba.

Pano akutiuza za Salkantay, njira ina yopita ku Machu Picchu ya masiku 5 yosafuna permit, koma imakwera mpaka mamita 4,600 pomwe Inca Trail pamwamba pake ndi 4,215 basi, ndiye mayiwa ali ndi mphumu zikundidetsa nkhawa kwambiri. Alipo anayendako? Tigone Cusco masiku angati kuti thupi lizolowere kaye mpweya wochepa wa m'mapiri ataliatali? Nanga mabwinja a Inca munjira ya Salkantay ndi Llactapata yokha kapena aliponso ena?