Kodi katundu aliyense angalowe m'dera lapadera la malonda popanda msonkho?

Wosoka wa ku Limbe:
Akuluakulu, ndikukonzekera kutsegula fakitale yosoka zovala zogulitsa kunja, ndipo ndamva kuti lamulo la Export Processing Zones (madera apadera opangira katundu wotumiza kunja) la 1995 limalola makina ndi nsalu kulowa popanda msonkho wa kasitomu. Kodi ndiye kuti chilichonse chimene ndingaike m'kontena, kuphatikizapo mankhwala oyeretsera nsalu ndi galimoto ya ku ofesi, chidzadutsa pa chipata cha Mwanza mosavuta?

Woombola katundu:
Bambo, chimene mumakhululukidwa ndi msonkho, koma malamulo ena onse amakhalapobe. Katundu amene amapindula ndi lamuloli ndi yemwe akugwira ntchito yopanga zinthu zotumiza kunja, monga makina, nsalu, ulusi ndi mabatani. Galimoto ya ku ofesi musaiwerengere pa zokhululukidwa musanalandire yankho lolembedwa kuchokera ku MRA, bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority. Za mankhwalawo, ngati ali m'gulu la katundu wofuna chilolezo, chilolezocho chidzafunikabe, ndipo ndi bwino kuchipeza kontena isananyamuke ku Beira, chifukwa tsiku lililonse limene galimoto yonyamula kontenayo yaima pa chipata mumalipira ndinu.

Mayi wa zamalamulo:
Ndikugwirizana ndi zimene anenazi, ndipo ndionjezere kuti mfundoyi si ya kuno kokha. Pangano la Kyoto lokonzedwanso, lokhudza ntchito za kasitomu, limene bungwe la za kasitomu pa dziko lonse la World Customs Organization linavomereza mu 1999 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2006, limalola maiko kuletsa katundu kulowa m'madera oterewa pofuna kuteteza chitetezo cha dziko, umoyo wa anthu, ziweto ndi zomera, komanso zizindikiro za malonda za eni ake. Kwa inu wosoka, mfundo yotsirizayi ndiyo yofunika kwambiri: musalandire timapepala ta maina a makampani otchuka kuti musokerere pa malaya popanda kalata yosonyeza kuti mwini dzinalo wavomereza, pakuti katundu wachinyengo amalandidwa ngakhale kuti sanali wogulitsa m'dziko muno.

Woombola katundu:
Ndinaiwala chinthu chimodzi chimene chagwetsa anthu ambiri. Nsalu imene yalowa popanda msonkho imakhalabe m'maso mwa a kasitomu, choncho mabuku anu ayenera kusonyeza mamita amene analowa ndi malaya amene anatuluka. Nsalu zotsala komanso malaya olakwika mukazigulitsa pa msika wa Limbe, zimatengedwa ngati katundu wochokera kunja, ndipo msonkho umene munakhululukidwa uja umafunika kulipidwa.

Wosoka wa ku Limbe:
Zikomo kwambiri nonse. Za zotsalazo sindinaziganizire n'komwe, ndipo ndiyamba ndalembera a MRA mndandanda wa katundu yense ndisanaitanitse kanthu.